Chigwa cha Kasungu: Kuchokera pa Moto wa Pansi pa Nthaka Kufikira pa Fodya ndi Njovu

Munthu akaima pamsika wa Chamama m'mwezi wa Okutobala n'kuponya maso mbali zonse, amangoona dziko la thyathyathya: minda yodikira mvula, zigafa zopanda fodya, mitengo ya mango, ndipo patalipatali kaphiri kamodzi kapena tiwiri. Palibe chimene chingamuganizitse za mapiri ophulika. Zoterozo timazionera pa wailesi yakanema, monga mu 2021 pamene phiri la Nyiragongo, la m'nkhalango ya Virunga ku Congo, linalavula chiphalaphala cha moto usiku n'kubalalitsa anthu a mumzinda wa Goma. Komabe chigwa chimenechi, kuyambira ku Chamama pakati pa mitsinje ya Dwangwa ndi Bua mpaka kukafika ku nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu kumalire ndi Zambia, nachonso chinadutsa pamoto. Kungoti kuno motowo unazima kalekale, ndipo mvula yakhala ndi nthawi yokwanira yofufuta mapazi ake.

Aliyense amene anaonererapo galimoto yokumba mjigo akudziwa mmene nthaka yathu inasanjikizirana. Poyamba pamatuluka dothi lofiirira, kenaka mchenga wosakanikirana ndi dongo, kenaka mwala wowola umene umafumbutuka m'manja. Nthawi zambiri pa mamita 20 kapena 30 chitsulo chija chimasintha kaliridwe, fumbi lotuwa n'kuyamba kutuluka. Pamenepo chafika pa thanthwe. Thanthwe limeneli, lamizeremizere yoyera ndi yakuda, akatswiri a miyala amalitcha gneiss, ndipo mbali yaikulu ya ilo ili ndi zaka pafupifupi 1 biliyoni. Mizere ija ndi zipsera. Mwalawo unakwiriridwa makilomita ambiri pansi pamene zigawo za dziko lapansi zinkagundana, unatentha mpaka kufewa, n'kupindika osasungunuka kwenikweni. Madzi amene amayi amapopa pamjigo amakhala m'mwala wowola uja ndi m'ming'alu ya thanthweli, n'chifukwa chake mjigo wina umatulutsa madzi chaka chonse pamene wina, wokumbidwa tsidya la msewu, umauma mu Seputembala.

Patapita nthawi yaitali, dziko linayamba kudzikoka ngati likufuna kung'ambika, ndipo kuchokera pansi kwambiri kunakwera chiphalaphala cha mtundu wina, chodzaza ndi michere imene sipezeka wamba. Chinaima panjira chisanafike kunja, n'kuzizira pang'onopang'ono mumdima. Mwala umene unatsala umatchedwa nepheline syenite, ndipo phiri la Kasungu limene limaonekera pa boma ndi lomwelo. Phiri la Chipala nalonso ndi la banja limeneli, limodzi ndi miyala ya ku Kanyika m'boma la Mzimba, ya ku Chikangawa, mpaka Ilomba ndi Ulindi ku Chitipa. Ina mwa miyala imeneyi itapimidwa inapezeka kuti yapitirira zaka 700 miliyoni. Kung'ambikako sikunapitirire. M'malo mwake, zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo zigawo zinagundananso popanga chidziko chachikulu chotchedwa Gondwana, ndipo pamalo pomwe lero pali minda ya fodya panakwera mapiri ataliatali.

Chimene chinatsatira ndi ntchito ya mvula, dzuwa ndi mitsinje, ndipo palibe zambiri zosimba, kupatula kutalika kwa nthawiyo. Mapiri aja anaperepeseka mpaka kutha. Makilomita angapo a mwala anakokoloka, zimene zinali pansi zinakhala pamwamba, ndipo dziko linasalala pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Pomwe mwala unali wolimba, wosachedwa kung'aluka, panatsala phiri loima lokha ngati chitsa cha muwanga pakati pa munda wolimidwa. Tonse timapiri timene timaoneka apa ndi apo m'chigwa cha Kasungu tinatsala motero.

Kummwera kwa dziko lino moto unabweranso, ndipo ulendo uno unafika kunja. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, Gondwana itayamba kusweka, chiphalaphala chinayenderera pamtunda m'chigwa cha Shire. Mwala wakuda wa ku Ngabu ndi umenewo, ndipo m'timabowo take ndi momwe anthu amakumbamo miyala yokongola ya agate. Kenaka pakati pa zaka 135 ndi 110 miliyoni zapitazo, dera lozungulira nyanja ya Chilwa linadzaza ndi mapiri amoto. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndiponso la Zomba, ndi chiphalaphala chimene chinazizira pansi m'nthawi imeneyo. Chilumba cha Chisi, Tundulu, Songwe ndi Kangankunde ndi makhosi a mapiri ophulika amene mitu yake inadyeka. Amene akufuna kuponda phiri la m'nyengo imeneyi ali m'malo osungirako nyama apite ku Liwonde. Phiri la Chinguni, kummwera kwa nkhalangoyo, lili pafupi ndi mzere wa mapiri a Mongolowe, Chaone ndi Chikala, ndipo mwala wake ndi nepheline syenite, mbale wake wa phiri la Kasungu ngakhale kuti ndi wamng'ono kwambiri pa zaka.

Chochitika chomaliza chachikulu sichinathe mpaka lero. Kum'mawa kwa Africa kukung'ambika, ndipo mng'alu wake ukuchokera ku Ethiopia, kudutsa Kenya ndi Tanzania, kudzafika kwathu kuno. Pomwe nthaka inatitimira panadzaza madzi, ndiyo nyanja ya Malawi, yozama mamita pafupifupi 700 chakumpoto. Wochoka ku Kasungu kupita ku Nkhotakota akayamba kutsetsereka m'makhotamakhota a m'nkhalango ya Nkhotakota, makutu akutsekeka, akutsika m'mphepete mwa mng'alu womwewu. Dwangwa ndi Bua, mitsinje yoyenda mwaulesi pachigwa, ikafika pamenepo imathamanga m'mathithi. Madzi a mvula amene amalowa m'ming'alu yozama amakatentha pansi n'kubwerera, ndiwo akasupe otentha a ku Mawira ku Nkhotakota, a ku Chiweta ndi a ku Liwonde. Chivomezi cha pa 10 Malichi 1989 chimene chinagwetsa nyumba ku Salima, ndi zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009, zinali kusuntha kwa ming'alu yomweyi.

Mapiri amoto amene akadali ndi moyo ali pafupi kuposa mmene ambiri timaganizira. Ukawoloka mtsinje wa Songwe kulowa mu Tanzania, kumpoto kwa nyanja, pali phiri la Rungwe, pali Ngozi lokhala ndi nyanja m'kamwa mwake, ndi Kyejo limene linaphulika komaliza cha m'ma 1800, nthawi imene agogo a agogo athu anali kale m'midzi yawo. Nkhalango ya Kitulo, yotchuka ndi maluwa akutchire, imene inakhazikitsidwa mu 2005, yagundana ndi Rungwe ndipo inafundidwa ndi phulusa lake. Akatswiri amene akhala akuboola matope a pansi pa nyanja ya Malawi apezamo mizere ya phulusa lochokera ku mapiri amenewa, komanso timagalasi tosaoneka ndi maso tochokera ku phiri la Toba ku Indonesia, lomwe linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Mlimi wa ku Chamama akapita ku Tukuyu, kufupi ndi mapiriwa, adzadabwa ndi nthochi, tiyi ndi mbatata zikukula m'dothi lakuda lofumbutuka. Kusiyana kwake n'kwa zaka. Dothi la kumeneko ndi phulusa ladzulodzuloli, lodzaza ndi chakudya cha mbewu, pamene lathu mvula yalichapa kwa zaka mamiliyoni mpaka kutsala mchenga, dongo ndi dzimbiri. Thumba la feteleza limene limasowetsa anthu tulo chaka ndi chaka ndi ngongole ya ukalamba wa nthaka.

Anthu anafika mochedwa kwambiri pa nkhani yonseyi. Oyamba amene timawakumbukira ndi Akafula, alenje aafupi amene ena amawatcha Abatwa. Ankabisala mvula m'mapanga a timapiri tija, ndipo anasiya zojambula zofiira, zamizere ndi zozungulira, pa matanthwe monga a ku Solonje m'nkhalango ya Kasungu, zofanana ndi za ku Chongoni ku Dedza. Alimi odziwa kuumba mbiya ndi kusula chitsulo anayamba kufika zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo pambuyo pake kunabwera makolo a Achewa, a Banda poyamba, kenaka a Phiri pansi pa Kalonga, kuchokera ku Uluwa. Akuluakulu amasimba kuti anthu oyamba anatera pa Kaphirintiwa ku Dzalanyama thanthwe likadali lofewa, n'kusiyapo mapazi awo pamodzi ndi a nyama. Amasimbanso kuti munthu, nyama ndi Chauta ankakhala pamodzi mpaka tsiku limene munthu anapekesa moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Sindikunena kuti makolo ankaphunzitsa sayansi ya miyala, koma n'zochititsa chidwi kuti m'maganizo mwawo mwala sunali chinthu chimene chinangokhala cholimba chiyambire.

Kuno ku Kasungu mbiri imatchula Chulu ngati mfumu yoyambirira, ndipo akuti Mwase anapatsidwa dziko atapha mikango imene inkavutitsa anthu a Chulu. Chimene chinatchukitsa dera lino, kuwonjezera pa minyanga ya njovu, chinali chitsulo. Dothi lokalamba lija, ngakhale ndi losauka kwa mbewu, linasonkhanitsa dzimbiri lake m'mphepete mwa madambo n'kupanga lubwe, mwala wofiira wamabowomabowo. Chitsulo cha m'lubwe n'chochepa, ndipo wina akanati n'kutaya nthawi, koma amisiri a kuno anapeza njira. Ankamanga ng'anjo zazitali kuposa munthu, zokhala ndi mipopi yadongo kuzungulira pansi, zimene zinkadzikokera zokha mpweya popanda mvukuto. Moto wa makala unkayaka masiku angapo usana ndi usiku. Zotulukamo ankazisankha n'kukaziotchanso m'kang'anjo kakang'ono kopemerera ndi mvukuto, kenaka wosula ankapanga makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Ntchitoyi inkachitikira kutchire, kutali ndi mudzi, ndipo inali ndi miyambo yake: amisiri ankadika, osagona ndi akazi awo, ndipo ng'anjo ikakanika ankafufuza amene wadula mwambo. Makasu a ku Kasungu ankayenda mitunda italiitali ngati katundu wamalonda. David Livingstone atadutsa kwa Mwase mu 1863, pochokera ku Nkhotakota, anapeza dziko lodzaza midzi ndi minda.

Inali nthawi ya nkhondo. Jumbe wa ku Nkhotakota ankafuna minyanga ndi akapolo, ndipo ankalipira ndi nsalu, mfuti ndi wonga. Kumpoto kunali Angoni a M'mbelwa. Pamene Angoni anatsikira kwa Mwase cha m'ma 1860, Achewa anakwera phiri la Kasungu lija la mwala wolimba, ndipo kuchokera m'matanthwe, ali ndi mfuti za kwa Jumbe, anawabweza. Phirilo limadziwikanso kuti Nguluyanawambe pokumbukira nkhondo imeneyo. Kumapeto kwa 1895 asilikali a Britain anathira nkhondo Mwase Chibisa pamalo pomwepo, koma ulendo uno phiri silinathandize. Anamanga linga lawo n'kulitcha Fort Alston, ndipo ndi pamene panakhala boma la Kasungu.

Zaka zotsatira zinasintha kakhalidwe ka anthu mofulumira. Nyama zakutchire zitachulukanso pambuyo pa mliri umene unazipha m'zaka za m'ma 1890, kashembe anafalikira ndipo anabweretsa matenda a kaodzera. Boma la atsamunda linasamutsa midzi ya kumadzulo kwa Kasungu, ndipo mu 1922 malowo anasanduka nkhalango yotetezedwa, mu 1930 malo osungirako nyama. Mabanja anasiya manda a makolo awo, mabwinja ndi ng'anjo zili chiimire. Cha m'ma 1930 momwemo moto wa ng'anjo unazimiratu m'dera lonse. Makasu a m'sitolo anali otchipa, malamulo a mitengo anakhwima, ndipo anyamata amene akanaphunzira lusolo anali atapita ku Halale ndi ku Joni, kukakumba miyala ya eni.

M'zaka zomwezo katswiri wa miyala wa boma, Frank Dixey, ankayendayenda m'dziko muno ndi nyundo yake, kufunafuna madzi ndi migodi. Pa chilumba cha Chisi anapeza mwala wonga wa laimu pamalo pomwe mwala wotero sunayenere kukhala. Mu 1937 iye ndi anzake awiri, Campbell Smith ndi Bisset, anafalitsa zimene anapeza, ndipo miyala ya ku Chilwa inakhala yoyamba mu Africa kuzindikiridwa kuti ndi carbonatite, laimu wochokera m'chiphalaphala osati m'nyanja. Akatswiri ambiri kunja ankakayika kuti zoterezi zingatheke, mpaka mu 1960 pamene anthu anaona ndi maso phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanzania likutulutsa chiphalaphala cha mtundu umenewu, chakuda chikamatuluka, chosanduka choyera m'masiku ochepa. Ana athu a sekondale amaloweza mayina a mapiri ophulika a ku Italy ndi ku Japan, koma ndi angati amene anauzidwa kuti Chisi ali m'mabuku a akatswiri a miyala a dziko lonse lapansi?

Dothi lamchenga la Kasungu linapeza mwini wake mu fodya. Fodya wowotcha m'mabalani amakonda nthaka yopepuka, yosasunga madzi, imene mlimi amaithira chakudya mwa muyezo wake, ndipo nthaka yokalambayi ndi yotero. Minda yoyeserera inayamba cha m'ma 1950, koma kusintha kwenikweni kunabwera m'zaka za m'ma 1970, pa ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa boma lomweli. Makampani a General Farming ndi Press Farming, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, nduna ndi akuluakulu a chipani anatsegula maesiteti pa malo amene kale anali m'manja mwa mafumu. Chamama anakula m'nyengo imeneyi. Malole ankabweretsa matenanti ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Mangochi, ndipo pamsika panayamba kumveka Chilomwe ndi Chiyao pambali pa Chichewa ndi Chitumbuka. Ambiri mwa iwo sanabwererenso kwawo. Alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, zigafa zinamera pakhomo lililonse, ndipo mabelo anayamba kulowera ku okushoni ya ku Chinkhoma. Mtengo wake unalipiridwa ndi mitengo. Mabalani anadya nkhuni, zigafa zinadya mphanda, ndipo tchire la mombo ndi msuku limene linkagwira dothi lopyapyalali linatha m'madera ambiri.

Chifukwa cha ichi, wofuna kuona mmene chigwa chinalili kale ayenera kupita ku nkhalango ya Kasungu, imene inakwezedwa kukhala paki mu 1970. Ndi yaikulu masikweya kilomita oposa 2,000, yachiwiri kwa Nyika. Alendo ambiri amangofikira pa damu la Lifupa, kujambula mvuu, kufunsa komwe kuli njovu, n'kubwerera. Amataya zambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, udzu utapsa, nthaka imaonekera poyera. Ukakwera Black Rock madzulo, kapena ukayang'ana phiri la Miondwe, umaona kusalala kwa dziko mpaka m'Zambia, ndi madambo otakata akutsetserekera ku Dwangwa ndi Lingadzi. Pansi pa mapazi ako thanthwe limasendeka m'magawo opyapyala, chifukwa mwala umene unabadwira pansi pa katundu wolemera umadzimasula katunduyo akachoka, kenaka dzuwa ndi mvula zimamaliza ntchito. Mitsempha yoyera yodutsa m'thanthwe ndi momwe munadutsa madzi otentha kale, ndipo nsangalabwi za m'njira ndi zidutswa zake. Pa zulu zikuluzikulu njovu zimakumba ndi minyanga kufuna mchere umene chiswe chatulutsa pansi. Ndipo m'tchire muli ng'anjo zija, zina zikadali zoima, zitazunguliridwa ndi milu ya zitsotso zakuda zonyezimira. Paki ya Kasungu ilibe dzenje lofuka utsi loti ionetse mlendo, ndipo isayerekeze kunamizira. Koma agemu amene amaperekeza alendo atapatsidwa maphunziro a milungu yochepa chabe a miyala, ulendo womwewo ungakhale ndi zosimba kuwirikiza, makamaka kwa ana asukulu a ku Chamama, Mtunthama ndi Santhe, amene ambiri a iwo sanalowepo pa chipata cha pakiyo.

Njovu nazo zili ndi mbiri yake yowawa. M'zaka za m'ma 1970 zinali zoposa 1,000, koma opha nyama mozembera anazimaliza mpaka pofika mu 2015 zinatsala pafupifupi 50. Mu 2022 njovu 263 zinanyamulidwa pa malole kuchoka ku Liwonde, m'munsi mwa phiri la Chinguni, kudzatulidwa ku Kasungu. Kwa osamalira zachilengedwe chinali chipambano. Kwa midzi yoyandikana ndi nkhalango, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, zaka zotsatira zinabweretsa minda yodyedwa, nkhokwe zophwasulidwa ndi maliro, pakuti mpanda sunali utazungulira malire onse.

Tsopano maso atembenukiranso pansi. Mu 2013 ndege za kauniuni zinauluka motsika dziko lonse kupima miyala, ndipo zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015. Makhosi a mapiri ophulika aja asanduka nkhani ya pa wailesi: ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe kuli miyala yosowa imene imafunika popanga maginito a galimoto zamagetsi, ndipo ku Tundulu kuli mwala wa phosphate, womwe mayiko ena amapangira feteleza amene ifeyo timaitanitsa kunja. Ku Kasiya, m'chigwa cha Lilongwe, chuma chili m'dothi lowola lomwelo, momwe mvula inachotsa zina zonse n'kusiya rutile. Kufupi ndi Chamama ndi ku Kanyika, kumpoto, m'dera la Inkosi Mabulabo, komwe mwala wa banja la phiri la Kasungu uli ndi niobium ndi tantalum. Niobium amamuthira pang'ono m'chitsulo kuti chilimbe popanga milatho, mapaipi ndi galimoto, ndipo pafupifupi yense amene dziko lapansi limagwiritsa ntchito amachokera ku Brazil ndi Canada. Kampani ya Globe Metals and Mining inayamba kufufuza pamalopo cha m'ma 2006, inalandira chiphaso chokumbira mu 2021, n'kusainirana mgwirizano ndi boma mu 2023. Pakati pa zaka zonsezi, mabanja a pamalopo anauzidwa kuti adzasamutsidwa, ambiri anaima kumanga nyumba ndi kudzala mitengo podikira chipukuta misozi, ndipo mu 2017 anakatula dandaulo lawo ku bwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu.